Njinga Yanga Ikudikira Zotsatira

Ndinadandaula koyamba Lolemba lotsatira Pasaka. Kalata yachiwiri ndinalemba m'nyengo yozizira, yachitatu mvula itayamba. Zonse ndinalemba ndi kaboni, ndipo makope ake ali m'sutukesi pamodzi ndi mapepala a penshoni.

Nkhani yake ndi iyi. Mtsikana wina wa ku Ingagula kuno ku Hwange, mdzukulu wa mnzanga wa kumgodi, ankaphunzira digiri yachiwiri. Maphunziro ake anali a mmene mtima ndi mapapo zimagwirira ntchito munthu akamalimbitsa thupi. Anabwera kwathu ku Lwendulu kudzafuna madala opuma pantchito oti awapime. Tinapita ku holo ya tchalitchi titavala majekete. Anatiuza kuti tivule.

Anandimanga lamba pachifuwa nandiuza kuti ndizikwera bokosi ndi kutsika, iye akuyang'ana wotchi. Ndakwera zinthu zambiri mumgodi wa malasha, koma zonsezo zinali ndi kumene zinkapita.

Nditamaliza anayang'anitsitsa pepala lake.

"Khulu, mumakwera njinga?" Mawu oti agogo ankawatchula m'Chindebele, monga amachitira ana a kuno.

"Tsiku lililonse, mwanawe. Ndimakaona achimwene ku Madumabisa. Sayendanso."

"Muyambe mwaisiya kaye mpaka zotsatira zibwere."

Ndinamupempha kuti alembe mawuwo ndi kusaina. Anaseka, koma analemba.

Kumgodi kapitawo akatseka njira, sulowamo mpaka wotsekayo atatsegula yekha. Amene ankaganiza mosiyana tinawaperekeza kumanda. Choncho njinga ndinaipachika pakhoma la kukhitchini tsiku lomwelo.

Zotsatira sizinabwere. Mtsikanayo anamaliza maphunziro, ndipo agogo ake anandionetsa chithunzi atavala mkanjo ndi chisoti. Anati tsopano ali ku Joni, akupima mpweya wa anyamata osewera mpira. Nditapempha adiresi anati amasamukasamuka. Kusukulu kwake anandiyankha kamodzi, kundithokoza chifukwa chotengako mbali.

Namwino wa kuchipatala anandimvetsera pachifuwa nanena kuti ndikhoza kukwera. Ndinamufunsa ngati ndi iye anasaina pepala. Anati ayi. Ndinamuthokoza.

Tsopano ku Madumabisa ndimapita wapansi, kamodzi pa sabata, ndipo dzuwa la Hwange silisankha munthu. Ndikafika kunyumba mayi a ana amandiyang'ana ndili wefuwefu.

"Inu abambo, kodi mtimawo mukamayenda wapansi mumausiya pakhomo?"

"Za kuyenda sanalembe."

"Kamwana kaja kanaiwala kalekale! Mwina kali ndi ana awiri."

"Akhale ndi ana khumi. Anasaina."

"Ndiye njingayo ndiziyanikapo zovala."

Ndipo amayanikapodi.

Achimwene akufooka. Sabata yatha anandifunsa kuti anandilakwira chiyani kuti ndiziwaona Loweruka lokha. Ndinawaonetsa pepala lija. Maso awo saonanso bwino, ndiye anangolisisita ndi chala n'kundibwezera, kenaka anatembenukira kukhoma.

Sindikudana ndi maphunziro a mwanayo. Bokosi ndinakwera mwakufuna kwanga, ndipo ndikumva kuti ntchito yake ndi yolemekezeka. Koma pamene digiriyo inkapangidwa, mpweya wina unali wanga.

Motero ndikupempha mwaulemu kuti mwini siginecha, kapena mphunzitsi amene ankamuyang'anira, andiyankhe molemba ndiponso mosainira ngati ndikuloledwa kukweranso njinga kapena ayi. Yankholo lifike achimwene akadali moyo.