Mwasuntha ndi Waonandani

Ndikukumbukira chaka chimene galu wathu analandira jakisoni wake woyamba, ine ndili Fomu 1 pasekondale yoyendera ya kwathu kwa Mwambo. Inali nyengo yoti mpunga wayamba kufiira, mphepo yochokera kunyanja ya Chilwa ikubwera ndi fungo la matope ndi la matemba oyanika, ndipo mudzi wonse unkalawirira kuminda kukalimbana ndi mbalame. Galuyo dzina lake anali Mwasuntha.

Dzinali anapereka ndi mayi anga, ndipo kunena zoona silinali la galu. Kwathu munthu akakhala ndi mawu oti sangathe kumuuza mnzake pamaso, amapatsa galu kuti awasenze. Mayi anga ndi mkulu wawo, amene ife tinkawatchula kuti mayi aakulu, anagawana munda wa mpunga umene makolo awo anasiya, ndipo pakati pake panali kamzere ka dothi kosonyeza malire. Chaka china madzi ataphwa, mayi anga anaona kuti kamzereko kalowa mbali yawo. Sanakalipe, sanapitenso kwa amalume awo kukadandaula. Anangopita kwa msodzi wina, n'kutengako kamwana ka galu, n'kukatcha Mwasuntha. Sabata isanathe mayi aakulu anapita kwa msodzi yemweyo, n'kutenga kena kobadwa mimba imodzi ndi kathu kaja, n'kukatcha Waonandani.

Nyumba ziwirizi zinali zoyang'anizana, pakati pali mtengo wa mango basi. Kuyambira pamenepo awiriwa analeka kupatsana ngakhale moni, koma mlandu unkazengedwa madzulo aliwonse. Mayi anga ankatuluka ndi mkute ndi mitu ya matemba, n'kuima pakhonde: "Mwasuntha! Mwasuuuntha!" Tsidya linalo chitseko chinkatseguka: "Waonandani! Waonandaaani!" Agalu awiriwo ankatulukira limodzi kuchokera kumene amasewera, michira ili m'mwamba, osadziwa kuti analembedwa ntchito ya uloya. Bambo anga, pokhala mkamwini pamudzipo, ankangoweramira ukonde umene amasoka ngati makutu anawasiya kunyanja.

Kwa ine Mwasuntha sanali mlandu. Anali galu wofiirira wa khutu limodzi logwa, amene ankandiperekeza kusukulu mpaka pamlatho wamitengo, n'kubwerera yekha. Masana ndikamawerenga pakhonde ankagoneka mutu wake pamapazi anga, ine n'kumamuchotsa nkhupakupa ndi dzanja limodzi, linalo litagwira buku.

Tsiku lina Lamlungu kutchalitchi analengeza kuti galu wachiwewe waluma mwana kudoko. Anati alangizi a ziweto abwera Lachisanu padibi yakale ya ng'ombe kudzabaya agalu ndi amphaka katemera, ndipo pambuyo pake kubwera anthu a mfuti. Galu aliyense wopanda khadi la katemera awomberedwa, ngakhale atabisala kuseri kwa mwini wake.

Ine nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti vuto lililonse padziko limatha munthu ukangolifotokoza bwino. Madzulo ake ndinatenga kope langa la sayansi, n'kuwawerengera makolo anga zonse za chiwewe: mmene kachilomboka kamayendera m'malovu, mmene wodwala amaopera madzi, ndiponso kuti zizindikiro zikangoyamba palibenso chipatala chimene chingathandize. Ndinamaliza n'kutseka kope mwaulemu, ndikudikira kuti andiyamikire.

"Jakisoni wa galu?" anatero bambo, osasiya kusoka. "Ine ndakula chonchi, chondibaya ndi minga ya mlamba yokha. Galu akadwala amadya udzu, chipatala chake n'chomwecho."

Ndinawakumbutsa kuti katemerayo ndi waulere. Bambo anaseka, chifukwa ulere wa kwathu ankaudziwa bwino kuposa ine. Chaulere chinali timadzi ta m'botolomo. Koma timadzito sitiyenda tokha kuchokera ku Zomba, timakwera njinga yamoto, ndipo njingayo imamwa mafuta. Khadi nalo silimera m'tchire. Choncho mwini galu aliyense ankayenera kubwera ndi kangachepe, kapena mbale ya mpunga wopuntha. Kwathu mpunga wa chaka chatha unali utatsala wa pansi pa thumba, ndipo teremu yonseyo mayi ankandiuza kuti nsapato zanga za sukulu, zimene zinkaseka kutsogolo, zidikire kukolola.

Mayi sakanatha n'komwe kuyankha mokweza. Anali atatha masabata akukuwa m'munda poingitsa mbalame, ndiye mawu awo anali atatheratu, atangotsala ka mphepo kapakhosi. Masiku amenewo chakudya cha galu ndinkapereka ndine, mwakachetechete, ndipo mayi aakulu ankafunsa funso lawo lija popanda wowaimba mlandu. Lachinayi masana mayi anasuzumira pawindo n'kuona mkulu wawo atakhala pansi pa mango akupota chingwe cha khonje pantchafu.

"Achemwali akupota chingwe?" ananong'ona. "Ndiye wawo atsale, wanga afe? Anthu adzati ndaluza ine."

Anatenga mbale, n'kuilowetsa m'thumba muja mpaka inagunda pansi, n'kuidzaza mpaka kusefukira.

Lachisanu padibi panali ngati msika wa Songani, kungoti katundu yense ankauwa. Ambiri mwa agaluwo anali asanalawepo chingwe m'khosi chibadwire. Ena ankakokedwa chokhala, matako akulemba mizere m'fumbi, ena anabwera atanyamulidwa pakaliyala ya njinga ngati mbuzi za pa Khirisimasi. Amphaka anabwera m'matumba, ndipo matumbawo ankayenda okha n'kumatukwana. Alangiziwo anali bambo wamfupi wansangala, atavala ovololo yobiriwira, atakhala pakhoma la dibi ndi kabokosi ka ayezi mosungira mankhwala. Asanabaye ankafunsa dzina la galu kuti alembe pakhadi, ndipo ankalibwereza mokweza.

"Mudzandifuna! Chabwino. Wotsatira? Ndilibemawu! Wotsatira? Mwadyazanga!"

Dzina lililonse likatchulidwa, munthu wina pamzerepo ankayamba kuyang'ana zala zakumapazi kwake. Alangiziwo anapukusa mutu. "Mudzi uno mumakondana ndithu," anatero.

Ife tinali chakumapeto, ine nditagwira chingwe, mayi atasenza mbale. Kumbuyo kwathu kwenikweni kunali mayi aakulu ndi Waonandani. Azimayi awiriwa ankayang'ana wina kuphiri, wina kunyanja, pomwe agalu awo ankanyambitana makutu.

Nthawi yathu itakwana, alangizi anakoka mankhwala, n'kukweza jakisoni m'mwamba kuti aone bwino. Singano inang'anima padzuwa. Mwasuntha anaiona, n'kubwerera chambuyo, mutu n'kupulumuka m'chingwe chimene ndinamanga molekerera poopa kumupweteka. Anadutsa pakati pa miyendo ya anthu, n'kulumpha ngalande, n'kulowa mumpunga. Tinkangoona ngala zikugwedezeka kulowera kunyanja.

"Mtsikana, ayezi wanga akusungunuka," anatero alangizi. "Akatha ameneyu mankhwala awonongeka, ine ndiliza njinga. Sindibweranso chaka chino."

Ndinathamangira m'mphepete mwa munda n'kuyamba kuitana. Ndinaitana mwaulemu, ndinaimba mluzu, ndinalonjeza mitu ya matemba. Kutali uko kamutu kofiirira kanatukuka, kanandiyang'ana, n'kumiranso. Ndinali ndisanadziwe kuti galu wathu dzina lake ankalimva pokhapokha likabwera ndi mkwiyo. Mayi anatula mbale pansi, n'kukoka mpweya, n'kutsegula pakamwa. Panangotuluka kaphokoso ngati pampu ya njinga. Anayesanso, misozi n'kulengeza m'maso chifukwa cha kupweteka kwa pakhosi. Ine m'mutu mwanga munali mfuti yokhayokha, ndipo ndinayamba kulira pamaso pa anthu onse, ndili mu yunifomu.

"Gwira apa iwe, usiye kutsokomola misozi."

Anali mayi aakulu, akundipatsa chingwe cha galu wawo. Anamanga chitenje mwamphamvu, n'kukwera pakhoma la dibi pomwe aliyense akanawaona. Sanayang'ane kumpunga kumene kunali galu. Anatembenuka n'kuyang'ana mng'ono wawo m'maso, manja ali m'chiuno.

"Mwasuntha! Mwasuuuntha!"

Mawu awo anali ngati a mayi anga, a mimba imodzi, ndipo mkwiyo wawo unali weniweni. Mpunga unayamba kugawikana, galu akubwera ndi liwiro. Koma mayi aakulu sanalekere pomwepo. Analibwereza dzinalo, n'kulibwerezanso, chala chikuloza, ngakhale galuyo anali atafika kale akuwanyambita mapazi. Mawu amene anawamva madzulo aliwonse kwa zaka ziwiri anawabweza onse tsiku limenelo, ndi chiwongoladzanja chomwe.

Padibi panangoti zii. Mayi anga anayang'ana uku ndi uku kufuna choyankha. Kenaka anawerama ngati akusisita galu amene ndinagwira pachingwe uja, n'kunong'ona ndi kamphepo kawo kaja, koma aliyense anamva: "Waonandani?"

Anthu anafa nalo phwete. Abambo ena anachita kukhala pansi, thumba lina la mphaka n'kupezerapo mwayi wothawa. Alangizi anabaya Mwasuntha akuseka, moti galuyo sanadziwe n'komwe kuti chachitika n'chiyani.

Koma alangizi aja sanali ogona. Atalemba makhadi awiriwo anayang'ana mayi anga, n'kuyang'ana mayi aakulu, n'kutsegula chikwama china chimene tsiku lonse chinali chotseka. Munali mapiritsi a njoka za m'mimba, mankhwala osambitsira nkhupakupa, ndi jakisoni wa mavitamini. Izi, anatero, si zaulere, ndipo si aliyense angazikwanitse. Mayi aakulu anamasula mfundo ya chitenje n'kugula mapiritsi.

"Nanga inu mayi? Wanuyu akhale nazo njokazo? Palibe vuto, agalu ena amazolowera."

Mayi anga anagula mapiritsi ndi mankhwala a nkhupakupa. Mayi aakulu anawonjezera mavitamini. Mayi anga analonjeza nkhuku. Pochoka pamenepo njinga ya alangizi inkalephera kukwera kachitunda, ndipo nsapato zanga zinapitiriza kuseka mpaka teremu yachitatu. Mwezi wotsatira agalu awiriwo ankanyezimira ngati a azungu, pomwe ana a nyumba zonse ziwiri tinkakanda mphere. Bambo anangoti akadzabadwanso adzapempha kudzakhala galu wa pamudzi wa akazi awo.

Anthu a mfuti anabweradi. Tsiku limenelo kulira kwa mfuti kunkamveka kuyambira kudoko, ndipo ana ambiri a m'mudzimo sanadye. Ine ndinamangirira agalu onse awiri pamtengo wa mango, mfundo yake yolimba tsopano, n'kukhala pakati pawo makhadi ali m'manja. Wamfuti wina wamtali anawalandira n'kuwerenga mayinawo mokweza, loyamba kenaka lachiwiri. Anayang'ana khonde lathu pomwe panaima mayi, n'kuyang'ana khonde linalo pomwe panaima mayi aakulu. "Ife sitinaone kanthu, amayi," anatero, n'kundibwezera makhadi, n'kupitirira. Mwasuntha anakhala nafe mpaka anakalamba, n'kufa yekha mano atatha.

Lero ndimakhala mutauni ya Zomba, ndipo mwana wanga wamkazi ali ndi kagalu koyera kamene anakatcha Fulafi, dzina la pa katuni. Fulafi ali ndi dokotala wake. Amamuyeza pasikelo, amamuyang'ana m'kamwa, ali ndi kabuku ka masiku a katemera, ndipo pakangopita miyezi ingapo foni imalira kundikumbutsa za mapiritsi a njoka. Kungolowa pakhomo pa dokotalayo n'kulipira kale, galu asanakhudzidwe. Sindidandaula kwambiri, chifukwa mwana wolumidwa ndi galu wachiwewe ndinamumvapo kulira kwake, ndipo ndimasangalala kuti ngakhale kumudzi anthu ayamba kupititsa agalu kukatemera popanda kuopsezedwa ndi mfuti. Chimene chinatha ndi mayina aja. Masiku ano wofuna kulasa m'bale wake amalemba pa sitetasi ya foni, ndipo agalu anachotsedwa ntchito.

Mwezi wathawu mayi anabwera kudzationa, ndipo anatiperekeza kwa dokotala wa Fulafi. Anakhala pabenchi, ataika manja pamiyendo, n'kumaonerera ndikulipira. Tili m'njira anafunsa mdzukulu wawo kuti Fulafi ndiye kuti chiyani.

"Silitanthauza kanthu, agogo. Ndi dzina chabe."

 Titafika pageti mayi anaima, n'kuyang'ana mulu wa zinyalala umene aneba athu amatayira mbali ya mpanda wathu.

"Ndalama zonse zija, galu wosanena kanthu," anatero. "Anthu akukutayira zinyalala pakhomo, iwe galu uli naye, ukungomuwononga."