Mphanda za pa chitunda

Mwana wanga woyamba anali asanayambe kuyenda pamene mpingo wathu unandipatsa ntchito ya anthu a matemba. Nyanja ya Chilwa inali itangobwerera pambuyo pa kuphwa kuja, ndipo msewu wodutsa kwathu, chakufupi ndi Milepa, unadzazanso njinga. Amuna ochokera kumadooko ankapalasa kupita ku Limbe atamanga madengu a matemba ndi milamba yowamba pakaliyala, dengu pamwamba pa linzake, mwini njinga osaoneka ukamuyang'ana chakumbuyo. Ena anali asodzi enieni, okhala miyezi pamadzi m'zimbowera, timakumbi tomanga pa udzu woyandama. Lamulungu linkawapeza panjira. Za tchalitchi ankangomvako belu.

Ndinadandaula za iwowa pa msonkhano wa amayi, chifukwa bambo a mwana wanga nawonso anali kunyanjako, ndipo ndinkadziwa kuti kulibe wopemphera nawo. Poti ndinayambitsa ndine, anandisenzetsa ndine. Abambo a mumpingo anandimangira chisakasa pakamlatho, m'munsi mwa chitunda, pamene ife amayi tinasankha tokha. Panali mthunzi, mjigo unali pafupi, pansi panali posalala bwino poyala mphasa. Tinati munthu wotopa angafunenso pati?

Ndinkafika m'mawa ndi mtsuko wa madzi, chikho, buku la nyimbo, ndipo Loweruka ndinkaphika thobwa. Sanaime ndi mmodzi yemwe. Ankadutsa ngati mphepo, patapata atakanikiza pa thayala, fumbi kumbuyo, fungo la nsomba lokha n'kumatsala nane.

"Mayi, mutipempherere chothamanga!" wina ankakuwa choncho nthawi zonse.

"Imani kaye, achimwene, pali thobwa!"

"Mumwe ndi mwanayo, anenepe!"

Ndinayesa kuimba mokweza. Ndinayesa kuima m'mbali mwenimweni mwa msewu ndikukupiza chitenje, mpaka wina anangotsala pang'ono kugwera m'ngalande, n'kunditukwana m'Chilomwe mawu amene sindingawalembe pano. Thobwa ankamaliza ana a sukulu.

Nandolo atayamba kuuma, akulu ampingo, bambo ofatsa amene ankasunga zinthu za tchalitchi, anandiitana. "Mayi a mwana, mwayesetsa, palibe angakunyozeni. Koma mitengo ya chisakasa ija ikufunika pa khitchini ya pa tchalitchi. Mvula ikayandikira, tikadzakupezani mukadali nokha, tidzaphwasula, ntchitoyi tiitseke."

Ndinangoti zikomo. Pobwerera ndinalira pang'ono, kenako ndinatsuka mtsuko, m'mawa ndinapitanso.

Amene anandithandiza ndi madala ena a imvi, amene tcheni cha njinga yawo chinaduka atangodutsa kamlatho. Sanabwerere ku chisakasa, ngakhale chinali pafupi. Anayamba kukankha njinga kukwera chitunda. Ndinabereka mwana, kutunga madzi m'chikho, n'kuwathamangira.

"Agogo, imwani."

"Ndilandire ndi chiyani, mwana wanga? Ndi phazi?"

Manja onse anali pa mahandulo, phewa atachirikiza dengu. Ndinati ndiwagwirire. Atangotayako pang'ono, njinga inandipendamira ngati ng'ombe, madzi onse n'kutayika.

"Mwaiona?" anatero akuseka ndi wefuwefu. "Iyi ikagona pansi, matemba aphwanyika, ku Limbe akati ndabweretsa ufa. Ndipo kuidzutsa pafunika amuna. Inu mwakhala pamene munthu amasonkhanitsa liwiro loti akwerere mtunda. Aimepo ndani pamenepo? Wamisala?"

Ndinaika chikho mkati mwa chitenje, n'kugwira kaliyala kumbuyo. Tinakankha limodzi, mwana akugunda mutu pamsana panga. Panjira anandiuza za mawondo awo, za mwana wawo wamkazi amene ukwati unamuvuta, zonse osafunsidwa. Titafika pamwamba analondola pa kamtengo kena ka mphanda, kamodzi kokha, kosalala khungwa chifukwa chokhudzidwakhudzidwa. Anakoleka chitsulo cha pansi pa chishalo pa mphandapo, njinga n'kuima yokha. Apo m'pamene anawongola msana.

"Apa timalimbirana," anatero. "Ukapeza mnzako wakoleka, umangopitirira. Tsopano pempherani, koma musatalikitse, dzuwa likupita."

Ndinapempherera mawondo aja ndi mwana wawo, iwo dzanja lili pa dengu, chipewa chili kukhwapa.

Sindinadikire mvula. Ndinapita ndekha kwa akulu ampingo kukawauza kuti aphwasule chisakasa sabata yomweyo. Anandiyang'ana ngati ndakwiya.

"Sindinakwiye, bambo. Mapaso, udzu ndi mitanda tengani. Ine mungondisiyira nsichi za mphanda."

"Nsichi zopanda denga? Mukhala padzuwa?"

"Iwo aja amakhala padzuwa."

Anandipatsa, ngakhale ndinaona kuti akungondimvera chisoni. Malo a pamwamba pa chitunda anali m'malire a munda wa mayi ena amasiye. Analola kuti ndizikepo nsichizo, koma anandichenjeza kuti akadzapeza nandolo wawo wapondedwa, adzazula mitengoyo n'kuphikira. Nsichi ndinatuta pamutu imodziimodzi. Poyamba ndinakumba mosazamitsa, ndiponso mphanda zinali m'mwamba kwambiri. Woyamba kuyesa, njinga inatsala pang'ono kugwa naye.

"Mlamu, izi mwazikira nyamalikiti kapena njinga?" anandifunsa.

Anandionetsa pa chiuno chake pamene mphanda iyenera kulekeza. Ndinazula zonse, kuzamitsa maenje, kutsendera miyala.

Madzi tsopano anali kutali. Ndinkakwera nawo kuchokera ku mjigo, ndowa pamutu, mwana kumbuyo, ndipo masiku otentha ndinkabwereza mpaka khosi kuuma. Mphasa ndinasiya kunyamula, chifukwa palibe ankakhala pansi, ati miyendo ikazizira siidzukanso. Buku la nyimbo nalo linkangokhala m'thumba. Ntchito inasanduka kupatsa madzi, kumvetsera, ndi kupemphera chiimire ndi amene wafuna. Asilamu ankamwa, n'kundiuza za kwawo, n'kupita. Wokuwa uja nayenso anaima. Anali wamanyazi ukamuona pafupi, ndipo anandipempha monong'ona kuti ndikumbukire mkazi wake amene anali woyembekezera.

Mwa iwowa ndinapezanso wodziwa chimbowera cha bambo a mwana wanga. Ndinkawatumizira ufa ndi mawu, iwo n'kubweza milamba ndi uthenga woti mwana asamayende padzuwa. Ndinauza wonditengera uthengayo kuti akawayankhe kuti mwana wawo ndi wantchito wa mpingo.

Mitambo itayamba kusonkhana chaku Mulanje, akulu ampingo anabwera kudzaona monga ananenera. Anakwera chitunda akukankha njinga yawo, thukuta lili kamukamu. Mphanda zonse zinali ndi madengu. Anazungulira kufuna poimika, osapapeza.

"Madala, yanuyo ilibe katundu, igonekeni pansi!" mmodzi anawauza, osadziwa kuti ndi ndani.

Anaigonekadi. Ndinawapatsa chikho, anamwa, n'kuyang'ana nsichi zija kwa kanthawi.

"Pa khitchini patsala mitengo ina ya mphanda," anatero. "Sitinaigwiritse ntchito. Mudzabwere mawa ndi nkhata."