Dzanja la Bambo Ake a Lisandro

Lisandro Alleyne ndinagwira naye ntchito pa zipata za madzi za ku Gatún mpaka tonse tinamera imvi. Ine ndinkapalasa kabwato, iye ankaponya chingwe kwa amalinyero, sitima yapanyanja ikamalowa m'chipinda cha pakati pa zitseko zotchinga madzi kuti madziwo ayikweze. Sankaphonya kawirikawiri. Akaphonya, ankati ndapalasa mokhota ndine.

Bambo ake anachokera ku Barbados kudzathira konkire nthawi imene zipatazo zinkamangidwa. Asanamwalire anamuuza kuti tsiku lina, kapitawo atayang'ana kumbali, anadinda dzanja lawo pa simenti yaiwisi, pansi pa chipinda, m'mbali mwa khoma la kum'mawa. Chiyambire malowo akhala m'madzi. Tikamadutsa pamenepo Lisandro ankavula chipewa.

Chipinda amachiphwetsa mwa apo ndi apo, akafuna kukonza zitseko. Chaka chimene Lisandro ankapuma ntchito anachiphwetsa, ndipo iye anapempha kuti atsikemo. Mwayi wina sakanauonanso. Mawondo anali atatha kale.

"Mdala, makwerero awa si a anthu okonda nthochi zokazinga," anatero Ovidio, wowotcherera zitsulo. "Mukathyoka ndikuwotchererani pachitseko pompa."

"Ukawotcherera iweyo, mawa ndigwanso."

Tinatsika. Pansi panali matope, nkhono, ndi tinsomba tikuphiriphitha. Pakhoma pankaonekabe mizere ya matabwa amene anaumbira konkire. Lisandro anagwada n'kuyamba kupala ndere ndi mpeni. Ovidio anasiya nthabwala, anakatenga fosholo. Enanso anabwera. Tinapala mbali yonse ya khomalo.

Dzanja sitinalipeze. Kapitawo anatikodola kuti tituluke.

Lisandro anadzuka movutika, napukuta mpeni pa buluku. Analiyang'ana khomalo kuchokera pansi mpaka pamwamba, nthawi yaitali.

"Mdala uja anali wabodza," anatero. "Amayi ankanena."

"Mwina lili mbali inayo," ndinatero.

"Ayi Nicanor, usandinyengerere ngati khanda." Anamenya khoma ndi chikhatho. "Koma taona, aise. Zaka zonsezi m'madzi, chikhalirecho. Wabodza ameneyo ntchito ankaidziwa."

Pokwera makwerero anapuma kangapo, akutukwana Ovidio amene ankamukankha kumbuyo. Atafika pamwamba anakhala pansi, nafunsa ngati wina anasiyako khofi.