Amayi Amene Anakana Kundigulitsa Nsomba

Ine ndinabwera m'dziko muno kudzaphunzitsa masamu, osati kudzakangana ndi ogulitsa ndiwo. Koma sabata yanga yoyamba yomwe ndinakangana ndi mayi wina pakona pa msewu wathu, mpaka oyendetsa njinga zamoto anazimitsa injini kuti amvetsere bwino.

Mayiwo anali ndi tebulo pansi pa ambulera yosuluka, moyang'anizana ndi shopu yokonza mafoni. Ankagulitsa nsomba, tomato, anyezi, masamba ndi zipatso zina zomwe ndinali ndisanazionepo. Anali aafupi, a mapazi otupa, ndipo m'manja mwawo simunkachoka botolo lobowola pachivindikiro lowazira madzi pamasamba. Msewu wonse unkangowatchula kuti Amayi a Pakona.

Kwathu kumazizira. Ndinakula ndikuona amayi anga akugula ndiwo za sabata yonse Loweruka, kuphika mphika waukulu n'kumangotenthetsa mpaka uthe. Ndiye ndinafika patebulo paja ndi chikwama chachikulu n'kuloza nsomba zisanu. Amayi a Pakona anandiyang'ana, anayang'ananso mwana wanga wamkazi wazaka zitatu yemwe ndinamugwira padzanja, n'kukulunga nsomba imodzi.

"Zinazo mawa," anatero.

"Ndati zisanu."

"Ndamva. Koma mulipo awiri. Zinazo mawa."

Mtima unandipsa. Ndinkaganiza kuti akundiderera chifukwa ndine mlendo, mwina akusungira makasitomala awo akale. Ndinalankhula zambiri, zina m'chilankhulo cha kwathu kuti zituluke bwino. Iwo ankangowaza madzi pamasamba. Ndinakagula kusitolo yaikulu ya m'tauni, ndinadzaza firiji, ndipo kuyambira tsikulo ndinkadutsa pakona paja nkhope ili kumbali.

Kutentha kwa kuno si kwamasewera. Buledi amachita nkhungu masiku awiri okha, mchere umanyowa uli m'botolo. Magetsi ankathima masana ine ndili kusukulu n'kuyaka ndisanaweruke, choncho firiji ndinkaipeza ikulira bwinobwino, ine n'kumati zonse zili m'malo. Mwana anayamba kutsegula m'mimba, kenako kukana chakudya. Akaona supuni ankatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Diresi lomwe linkamuthina tikufika linayamba kugwa paphewa.

Mwamuna wanga anamwalira mwanayu ali ndi chaka chimodzi, ndipo apongozi anga sanafune n'komwe kuti ndichoke naye. Tsiku lina anamuona pafoni.

"Amake mwana, ndikubwera kumapeto kwa mwezi," anatero. "Ndikamupeza chonchi ndibwerera naye kuno. Inu muzitsala ndi masamu anuwo."

Mumtima ndinkadziwa kuti sakulakwa. Ndinkachita mantha kwambiri.

M'mawa wina tikuchokera kuchipatala, mwana ali kumsana, Amayi a Pakona ananditsekera njira. Moni sanandipatse. Anatsina khungu la padzanja la mwanayo, anamuyang'ana m'maso, kenako anavundikira tebulo lawo ndi chiguduli n'kuuza wokonza mafoni kuti aziponyako diso.

"Tiyeni kwanu."

Atalowa analunjika kufiriji ngati nyumbayo ndi yawo. Anavundukula mphika uliwonse n'kumanunkhiza.

"Izi munaphika liti?"

"Lamlungu."

"Lero ndi Lachinayi, aphunzitsi." Anatenga dzanja langa n'kuligunditsa pamadzi omwe anali atadikha pansi pa firijiyo. "Chinthu chanuchi chimagona masana. Msewu wonse ukudziwa zimenezi, kupatula inu."

Zonse anakakhuthulira m'bini. Ine, ndi digiri yanga yonse, ndinangoima pakhomo la khitchini ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

Kuyambira tsikulo ndinkadzera pakona m'mawa uliwonse n'kulandira zomwe iwo asankha: nsomba imodzi, tomato awiri, masamba odzaza dzanja. Ankandiuza kuti ndiphike, tidye, mphika utsukidwe. Nditayerekeza kuloza anyezi wachitatu anandimenya chala.

Koma mwana ankakanabe supuni yanga. Ndiye Amayi a Pakona ananena kuti mwanayo akamachoka kusukulu ya mkaka masana azikhala nawo kufikira ine nditaweruka. Tsiku loyamba ndinabisala kuseri kwa shopu ya mafoni kuti ndione. Anamukhazika pakireti, iwo n'kutsegula kontena yawo n'kuyamba kudya pang'onopang'ono, osamupatsa, osamuyang'ana n'komwe. Ankatafuna mokokomeza, uku akuyamikira chakudyacho okha. Patapita kanthawi ndinaona kadzanja kakulowa m'kontenamo.

"Mumamuopseza ndi maso anuwo," anandiuza madzulo ake. "Mukamamudyetsa mumaoneka ngati mukulemba mayeso."

Za moyo wawo ndinkazimva pang'onopang'ono, pakati pa kasitomala ndi kasitomala. Amuna awo anali kondakitala wa basi, anakwera ina tsiku lina osabweranso. Ana anayi anawalera ndi tebulo lomwelo, ndipo wotsiriza ndi namwino. Tsiku lina ndinawapepesa chifukwa cha mawu anga aja, n'kuwafunsa chifukwa chimene sanangondigulitsira nsombazo kuti ndiwachoke. Anayamba kusanja tomato amene anali wosanjika kale.

"Nanenso si wa kuno," anatero. "Ndinachokera kumapiri ndili mtsikana, ndi mphika waukulu ngati wanuwo. Ana ndinabereka asanu. Woyamba anali ngati uyu. Panalibe amene anandikaniza nsomba."

Anandipatsira masamba anga n'kuitana kasitomala wina.

Apongozi anafika monga ananenera, atanyamula ndi kachikwama kopanda kanthu koti alongedzemo zovala za mdzukulu wawo. Masiku atatu sanandiuze maganizo awo. Ankangotsegula miphika yanga, n'kumamunyamula mwanayo ngati akuyeza thumba la ufa. Tsiku lachinayi ananditsatira kupakona. Amayi awiriwo sankamvana ngakhale liwu limodzi, koma anakhala pamakireti ola lathunthu, mwana ali pakati akudya, wina akatsina tsaya winayo n'kugwedeza mutu. Ine palibe anandiitana kuti ndimasulire.

Tsiku lonyamuka ndinawaperekeza kudepoti mwana ali kumsana, iwo asananenebe kanthu. Basi itayamba kulira anamumasula mwanayo, anamukumbatira nthawi yaitali mpaka kondakitala anayamba kumenya chitseko. Ine ndinali nditagwira nsalu yopanda kanthu. Kenako ananditembenuza okha, anamuikanso kumsana kwanga n'kumanga nsaluyo mwamphamvu.

"Mayi ajawo musadzayambane nawonso," anatero, n'kukwera.

Ndinalira pa depoti pomwepo, anthu akuona, ndipo sindinachite manyazi. Mwana anandikoka khutu n'kunena kuti ali ndi njala.