A Adzakuliramo Agula Mfuti

Kutchalitchi cha Amalawi ku Foleshill, mumzinda wa Coventry, mukafunsa za a Ronald Gwaza, anthu amayamba akanda kumutu. Koma mungoti "a Adzakuliramo", ngakhale mwana akulozerani: bambo wamtali uja woimba besi, wogwira ntchito yosamalira okalamba, mwamuna wake wa Edna nesi. Dzinali sanalitole panjira ayi, anachita kuligwirira ntchito.

A Ronald ndi mzime, anabadwira ku Ntcheu, ndipo chovala chilichonse chinkawapeza chitadutsa kale mwa akulu awo onse. Nsapato zoyamba zatsopano bambo awo anagula zazikulu dala, kutsogolo n'kutsenderako nyuzipepala. Mmene phazi linkadzaza nsapatoyo, n'kuti itayasama kale. Iwo sanaonepo cholakwika. Kwa iwo, kugulira mwana chinthu chomukwana lero n'kusamufunira zabwino, ngati ukulosera kuti sakula.

Ndiye mwana wawo mmodzi yekhayo, Winnie, anakulira m'zinthu zomudikira. Jekete yakusukulu ankayivala atapinda manja kawiri. Njinga anayamba kuikwera mapazi asakufika pansi. Mwanayo sankadandaula. Anabwera ku Coventry ali wamng'ono, wofatsa, wa mawu owerengeka, ndipo anali ataphunzitsidwa bwino kuti mphatso ya kholo umailandira ndi manja awiri.

Chimene chinkawadya mumtima makolowo n'choti mwana analibe chomusangalatsa. Netiboli anakana, kwaya anakana, Loweruka lonse n'kungodzitsekera kuchipinda. Tsiku lina mnzake wakusukulu anamutenga ku famu ina kunja kwa tauni, kumene anthu amawombera timbale tadothi toponyedwa m'mwamba ndi makina. Winnie anabwerako akulongolola ngati wailesi. Anafotokoza mmene kambale kamaulukira, mmene umakatsatira ndi diso, mmene kamasandukira fumbi ukakalasa. Chakudya chinazirala m'mbale iye akadali pakamwa.

"Mwana wamkazi, mfuti?" anatero a Edna atagwira pakamwa. "Kumudzi akamva ati tapenga."

Koma a Ronald anali ataona mano onse a mwana wawo panja, zimene anali asanazione kwa zaka. Anati apite basi, owanena anene.

Loweruka lililonse ankamuperekeza. Wophunzitsa kumeneko, mayi wachizungu wa imvi dzina lake Ann, ankamubwereka kamfuti kopepuka ka pamalopo, ndipo Winnie ankaswa timbale kuposa anyamata amene anayamba kale. A Ronald ankaima kumbuyo atavala zotseka m'makutu, chifuwa chili nganganga. Patapita miyezi, Ann anawauza kuti mwana wafika pofunika mfuti yakeyake, ndipo anawonjezera kuti akadzafuna kugula adzabwere naye Winnie kuti akasankhe limodzi. Mawu oyambawo analowa. Achiwiriwo anadutsa ndi mphepo.

Za malamulo palibe angawanene. Chiphaso chakupolisi anatenga, kabati yachitsulo yosungiramo mfuti anakhomerera kukhoma, wapolisi wodzayendera anamumwetsa ndi tiyi yemwe. Kenako tsiku lawo lopuma anayatsa galimoto n'kulunjika ku Birmingham okhaokha, poti ankafuna kumudzidzimutsa mwana pa tsiku lake lokwanitsa zaka khumi ndi zisanu.

Wogulitsa mfuti anafunsa msinkhu wa mwanayo. A Ronald anaika dzanja pachifuwa pawo kusonyeza pamene Winnie amalekezera. Bamboyo anatulutsa mfuti yaifupi, yopepuka, n'kunena kuti komabe zikanakhala bwino mwini wake akanabwera kudzayesa. A Ronald anaitembenuza uku ndi uku, nkhope itakwinyika. Kachidole aka? Chaka chamawa kadzakhala katamuchepera! Maso awo anagwera pa chifefe china chachikulu, cha mipope iwiri, thako lake la mtengo wonyezimira ngati tebulo la kwa bwana. Anachiika paphewa pawo, ndipo chinakhala ngati anabadwa nacho. Wogulitsa anayesa kuwalangiza, koma munthu amene anagonjetsapo ogulitsa nsapato a mu Limbe sangagonje kwa mzungu waulemu.

"Adzakuliramo," anatero m'Chichewa, ngakhale panalibe wowamva.

Tsikulo litafika, Winnie anailandira mfutiyo ndi manja awiri. "Thank you, Dad," anatero, n'kuusisita mtengo uja.

Mwatsoka, masabata amenewo Ann anali kutchuthi, ndiye woyang'anira anali a Ronald eni ake. Kambale koyamba kanauluka n'kukatera bwinobwino paudzu. Kachiwiri chimodzimodzi. Thako la mfuti linali lalitali, moti mwana ankachita kutambasula mikono yonse kuti chala chifike pokhethemulira, ndipo mfuti ikalira inkamukankha paphewa mpaka kubwerera m'mbuyo. A Ronald ankangolimbikitsa: "Limba mtima, uzolowera!" Loweruka linalo zomwezo, linalonso zomwezo. Pobwerera tsiku lomalizalo, Winnie anayang'ana pawindo n'kunena m'Chingerezi chake chapansipansi kuti akuganiza zosiya, mwina poyamba paja unali mwayi chabe.

Chitseko chakuchipinda chinayambanso kutsekedwa. A Ronald zinawapweteka kwambiri, ndipo chowawitsa n'choti sankadziwa kuti chalakwika n'chiyani.

Amene anatulukira ndi a Edna, Lamulungu masana akumuluka mwana tsitsi. Anangomugwira phewa kuti atembenuke, mwana n'kudumpha. Atatsitsa bulauzi anapeza phewa latupa, lada bii.

"Bambo a Winnie! Tabwerani kuno muone ntchito ya manja anu!"

A Ronald anabwera ndi kapu ya tiyi m'manja. Ataona phewalo anaikhazika pansi.

"Iwe, bwanji osanena?"

Winnie anawerama. "You were so happy, Dad."

Mawu amenewo anawalasa. Komabe chizolowezi ndi chizolowezi, pakamwa panatuluka zomwe zija: "Komatu akangokulako pang'ono..."

"Akulirenso kuti?" anadula a Edna. "Winnie, taimirira." Anamuimika msana ndi msana ndi iwo, n'kuika chipeso pamitu pawo. Chipeso chinakhala phee, osapendekera. "Mwaona? Kwathu akazi timathera pompa. Amayi pompa, azakhali pompa. Mwanayu anakula kalekale, inu mukadali kudikira. Safunsa anadya phula, abambo. Ann uja anati chiyani?"

Winnie anaseka mpaka chipeso kugwa. A Ronald anasekako nawo, koma m'maso munali mutalengeza misozi. Zaka zonsezi ankagulira mwana wa mawa, wa lero ali pomwepo akupinda manja a jekete mwakachetechete.

Ann atabwerako sanawakalipire. Anamugwiritsa Winnie mfutiyo, anayang'ana pamene tsaya likugona ndi pamene chala chikufika, n'kunena kuti mfuti ndi yabwino, kungoti thako lidulidwe, aikepo labala wofewa, ndipo azigwiritsa zipolopolo zopepukirapo. Kudula! Kwa a Ronald kufupikitsa chinthu chatsopano kunali ngati kung'amba ndalama. Anayang'ana mtengo wonyezimira uja, n'kuyang'ana mwana.

"Winnie, iweyo ukufuna bwanji?" Kanali koyamba kumufunsa funso limeneli pa chinthu chogula.

"Cut it, please."

Anapita nayo okha kwa mmisiri wa mfuti, ndipo macheka atayamba kulira anatuluka panja, akuti kukaona ngati galimoto anaiimika bwino.

Phewa litapola anabwerera ku famu kuja. Kunali kamphepo, mitambo ili pansi monga mwa masiku onse. Winnie anaika mfuti paphewa ndipo inakhala yokha, tsaya n'kugona pamtengo ngati pa pilo. Asanayambe anatembenuka, anatenga kabatani kotulutsira timbale m'manja mwa Ann, n'kukapatsa bambo ake. Ntchito yake ndi yosavuta: wowombera akafuula, iwe udine.

A Ronald anaima kumbuyo n'kumuyang'ana. Mapazi ali nji pansi, msana uli chilili, tsitsi lolukidwa likulendewera pakhosi. Sanali kamwana kaja kanatsika ndege katagwira malaya awo. Anali mtsikana wamkulu, woti zaka zochepa zikubwerazi anyamula chikwama kupita ku yunivesite.

"Pull!" anafuula Winnie.

Palibe chinauluka.

"Pull!"

Zii. Azungu a pamzere anayamba kusuzumira. Winnie sanachotse tsaya pamfuti, anangokweza mawu m'Chichewa chimene ankachisunga ngati chovala cha pa Khirisimasi:

"Adadi, tadinani! Ndakonzeka kalekale!"

A Ronald anapukuta m'maso ndi mkono, n'kudina. Kambale kanauluka, mfuti inalira, ndipo kumwamba kunangotsala kafumbi. Besi yonse ya ku Foleshill inatuluka pakamwa pawo mpaka akhwangwala a m'mundamo anabalalika.

"Wanga ameneyo! Wanga ameneyo!"

Winnie anatsegula mfuti pakati, makatiriji a zipolopolo opanda kanthu n'kudumphira pansi, akuseka mapewa ali gwedegwede. Anaikamo ena awiri n'kuikanso paphewa.

"Kena, adadi."