Nsomba za Kuseri kwa Khitchini

Chimanga chitapserera chaka chachiwiri, ndinauza mkazi wanga, mayi a Tamanda, kuti ndikupita ku Joni. Sanalire. Anangondikazingira mtedza wa kamba.

Ku Durban North ndinapeza ntchito ya m'gadeni kwa mzungu wina wokalamba. Kuseri kwa nyumba yake ankaweta nsomba m'thanki. Pampu inkakweza madzi a nsombazo kupita m'bokosi la timiyala, momwe anadzalamo letesi ndi timbewu tonunkhira. Chimbudzi cha nsomba chinkadyetsa mbewu, mizu inkasefa madzi, madziwo n'kubwerera kwa nsomba. Dothi ayi. Poyamba ndinkati ndi masewera a anthu okhuta. Kenako ndinazikonda. Mu tekisi ndinkatseka pakamwa kuopa kudziwika kuti ndine mlendo. Chichewa ndinkayankhula ndi nsombazo.

Ine si munthu wa mawu. Ndalama ndinkatumiza, koma pa foni ndinkangoti, "Mwadzuka? Mvula bwanji?" Basi.

Lamlungu lina mayi a Tamanda anati, "Bambo a Tamanda, ngati mwakwatira kumeneko ingonenani. Munthu angakhale zaka zitatu wopanda nkhani?"

Eish. Banja linkatha ndili chigwirire foni. Posowa chonena, ndinayamba za nsomba. Lamlungu lililonse zomwezo: kabooledwe ka thanki, katsukidwe ka timiyala, kuipa kodyetsa nsomba mopitirira. Iwo ankangoti, "Mhm." Ndinkaona ngati ndikuwatopetsa, koma nkhani ina ndinalibe.

Chaka chatha ndinabwerera kwathu ku Ntcheu, pampu yatsopano nditaikulunga m'jekete, kuti ndikawaonetse zenizeni. Ndili m'basi, titadutsa Tete, ndi pomwe ndinakumbukira, chitsiru ine: kwathu kulibe magetsi.

Kuseri kwa khitchini ndinapeza theka la diramu, makumba akusambiramo. Pamwamba pake beseni lobooka, lodzaza timiyala ta kumtsinje, mpiru ndi mpungabwi zili biriwiri. Mayi a Tamanda anatunga madzi m'diramumo ndi ndowa n'kuthira pa timiyala. Madzi anatsikira kwa nsomba. Akuti amatero kanayi pa tsiku, chaka chachiwiri tsopano.

"Nanga osandiuza bwanji?" ndinafunsa.

"Mukanadziwa kuti ndazidziwa kale, mukanasiya kuyankhula."

Pampu ija ikadali m'katoni pamwamba pa kabati. Ndowa ya m'mawa ndimathira ndine. Iwo amaima pambali, manja m'chiuno, n'kumati ndikuthira mothamanga.