Lilime la amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene pakamwa pa amayi panayamba kuyenda pokha. Tinkakhala kuseri kwa msika, pa boma la Chadiza. Amayi anadwalapo matenda a maganizo ine ndili wamng'ono, ndipo kuyambira pamenepo ankamwa mapiritsi a ku kiliniki. Mankhwalawo anawathandiza ndithu. Ankalima mtedza, ankagulitsa vitumbuwa, Lamlungu n'kumaimba kwaya.

Zinayamba ngati akutafuna chinthu, chonsecho m'kamwa mulibe kanthu. Kenaka lilime linayamba kutuluka lokha, kubwerera, n'kutulukanso. Tiyi ankawatayikira pachitenje. Zala nazo zinkangogwedera, moti ngakhale kulowetsa ulusi pasingano kunawakanika. Pamsika anthu ankasuzumira m'beseni, n'kuyang'ana pakamwa pawo, n'kupita kukagula kwina. Madzulo beseni linkabwerera lodzaza, likununkha mafuta ozizira.

Lamlungu lina abusa a tchalitchi chathu anawaitanira kutsogolo.

"Abale, mukuliona lilime ili?" anafuula pa maikolofoni. "Ndi la munthu ili? Ichi ndi chiwanda cha njoka!"

Anawagwira mutu n'kumawakankha uku ndi uku. Amayi akachita mantha kapena manyazi, pakamwa pankayenda kwambiri, ndiye tsikulo lilime silinapume. Anthu ankaomba m'manja, ati chikutuluka. Pomaliza abusa analamula kuti mapiritsi onse atayidwe, ati ndiwo chakudya cha chiwandacho. Atate anavomera. Titafika kunyumba anawaponya m'chimbudzi.

Pakamwa sipanasiye. Chimene chinachitika n'chakuti matenda akale aja anabwerera. Amayi anasiya kugona, anayamba kuyankha anthu amene ife sitinkawaona. M'mawa wina anasowa. Anawapeza ndi bambo wina wapanjinga mumsewu wa ku Mlolo, alibe nsapato, mapazi ali magazi okhaokha.

Atate anapita nawo ku chipatala cha ku Chipata pa minibasi. Atabwerako anatifotokozera zimene dokotala ananena: kuyenda kwa pakamwako kuli ndi dzina, tardive dyskinesia, ndipo kumabwera kwa anthu ena amene amwa mankhwala otere nthawi yaitali. Akanapita msanga, akanawasinthira mankhwala, osati kusiyiratu. Dokotalayo akuti anafunsa chifukwa chimene anachedwera. Atate anangoti, "Palibe anatiuza." Ndipo zinali zoona. Nthawi yonse ija amayi ankalandira mapiritsi pawindo la ku kiliniki, lilime likutuluka pamaso pa wowapatsayo, koma iye ankangoitana wotsatira.

Lamlungu lotsatira, abusa akupereka moni pakhomo la tchalitchi, ine sindinatambasule dzanja.

"Abusa, amayi ali m'chipatala. Adokotala akuti si chiwanda, ndi mankhwala. Mukawauze anthu pa maikolofoni paja."

Anaseka, n'kucheukira atate. "Mwana wanuyu mwambo alibe."

Kunyumba atate anathyola nthambi ya mpichesi n'kundikwapula m'miyendo mpaka inathetheka. Iwo omwe anamva dokotala ndi makutu awo! Ati ndawachititsa manyazi pagulu. Manyazi a amayi, amene anakankhidwa ngati mbuzi tchalitchi chonse chikuonerera, palibe anawawerengera.

Amayi atatuluka m'chipatala anaona zipsera zija pondisambitsa kumsana ndi m'miyendo. Ndinawauza zonse. Nsagwada zawo zinkangoyenda.

"Mwana wanga," anatero, "pakamwa panga ine pandipandukira. Pako m'pabwino. Usadzalole munthu akutseke."

Ku tchalitchi kuja sanapondekonso. Mankhwala atsopano anawabwezera nzeru zawo, ndipo pakamwa panachepako, koma sipanathe. Lero ndi agogo, amadya pang'onopang'ono atafulatira alendo, ndipo pa minibasi amadziphimba kukamwa ndi mpango.

Tsopano ndine wamkulu, ndipo ndikumvetsa chimene chinatipweteka. Amene ankadziwa za matendawa anakhala chete, amene sankadziwa kanthu ndiye anali ndi maikolofoni. Ndikaona munthu pamzere wa kuchipatala milomo ikumuyendera, ndimakhala naye pafupi n'kumuuza kuti akafunse za mankhwala ake, asawataye.

Achibale amati ndikhululuke, nkhaniyi ndi yakale. Abusa aja adakalalikabe, ndipo kwa amayi amakudziwa. Sanafikeko kudzapepesa. Akadzafika, tidzakambirana za kukhululuka.